Mbale Yopanda Dzina ya Mayi Elna Roelofs

Bungwe losunga mbiri ya tauni yathu ya New Kampen, muno mu Iowa, linandipempha pa msonkhano wake wa pa 4 Meyi 1992 kuti ndilembe masamba angapo okhudza malemu Corwin Stallard, oti tizigawira alendo tikatsegula chipinda chosungiramo zinthu zake. Anasankha ine chifukwa ndakhala mlembi wa bungweli kuyambira mu 1984, chaka chimene ndinapuma ntchito ku positi ofesi, komanso chifukwa Corwin ndinkakhala naye pa benchi limodzi kusukulu. Masambawo ndinalemba, ndipo ndinapereka. Awa ndi ena, amene palibe anandipempha. Ndi a Mayi Elna Roelofs.

Za Corwin ndinena mwachidule, popeza zambiri zinalembedwa kale. Anabadwa pa 19 Januwale 1922 m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya mankhwala ya bambo ake. Atabwera ku nkhondo anakhala kuno miyezi isanu yokha, ndipo mu 1946 anapita ku New York. Kumeneko analemba nkhani zazifupi zoseketsa m'magazini, zimene pambuyo pake zinasonkhanitsidwa m'mabuku asanu ndi awiri, ndiponso analemba mabuku atatu a nthano zazitali. Ankalemba za zinthu zimene ife tonse timaziona koma osazinena: mlendo wotsazika kwa ola lathunthu ataima pakhomo, mlamu wodziwa kukonza chilichonse kupatula zake, mantha a munthu wamkulu pa mpando wa dokotala wa mano. Atafunsidwa chifukwa chimene anachokera kwawo, ankayankha kuti anali atanyoza kale aliyense wa m'tauni mwaulere, ndiye anaona kuti ndi bwino apite kumene angamulipire. Anamwalira pa 2 Epulo 1991.

Chaka chilichonse, mwezi wa Ogasiti, ankabwera kudzaona mayi ake, ndipo masana ankadzadya nane m'kachipinda ka kuseri kwa positi ofesi. Ine ndakhala ndikulemba zochitika za tsiku lililonse kuyambira pa 1 Januwale 1941, buku limodzi pachaka. Corwin ankadziwa zimenezi. Ankati akakhala pa thumba la makalata amandifunsa kuti, "Wandisungira chiyani chaka chino, mlembi wa tsiku la chiweruzo?" Ine ndinkatsegula buku n'kumuwerengera. Patapita miyezi ndinkapeza zinthu zangazo m'magazini zitavala zovala zatsopano, ndipo ndinkamva kukoma mumtima ngati ndalemba ndine. Dzina langa silinatulukemo n'kamodzi komwe, ndipo sindinkafuna kuti lituluke.

Elna anabadwa pa 2 Juni 1915 pa famu ya chimanga mamailosi anayi kumpoto kwa tauni. Anali mwana yekhayo amene anakula mwa ana atatu. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anayamba ntchito yofupikitsa ndi kukonza zovala m'sitolo ya nsalu, ndipo anakhala pa makina osokera omwewo, pafupi ndi zenera, mpaka mu 1980. Palibe buluku la ukwati kapena diresi la ubatizo m'tauni muno limene silinadutse m'manja mwawo. Anali mayi wamtali, wolankhula pang'ono, amene ankayenda mofulumira ngati kumbuyo kukubwera mvula. Mu 1940 anakwatiwa ndi Dirk Roelofs, makaniko, ndipo anagula kanyumba koyera pa Msewu Wachitatu. Sanakhale ndi mwana.

Dirk anapita ku nkhondo mu 1942. Kumapeto kwa Febuluwale 1944 ndege imene anakwera sinabwerere kuchokera kunyanja ya Pacific, ndipo uthenga umene unafika kuno unati wasowa. Sunati wamwalira. Mawu amodzi amenewo anamanga manja amayi onse a m'tauni. Munthu akamwalira, aliyense amadziwa chochita: umaphika, umamata kachidutswa ka tepi kunsi kwa mbale n'kulembapo dzina lako, umanyamula mbaleyo yovundikira kupita nayo kwa ofedwa. Pakapita sabata kapena ziwiri, wofedwayo amatembenuza mbale zotsuka, amawerenga mayina, n'kuyamba kuzibweza khomo ndi khomo, ndipo paliponse amamukhazika pansi n'kumuthirira khofi. Umu ndi mmene munthu amatulukira m'nyumba ya chisoni. Koma kupita ndi mbale kwa mkazi amene mwamuna wake wangosowa kukanakhala kumuuza kuti asiye kuyembekeza. Palibe anapita.

Kalata ya boma yonena kuti Dirk tsopano akuwerengedwa pakati pa akufa inafika Lolemba, pa 5 Malichi 1945. Elna ndinawapatsa ndine, chifukwa mwendo wanga wolumala unandisiya kuno anzanga atapita ku nkhondo. Anaiwerenga ataimirira pa kauntala, anaipinda, anandithokoza, n'kubwerera ku ntchito. Panalibe thupi, panalibe bokosi, ndipo chaka chinali chitapita kale. M'miyezi imeneyo nyumba zina zinayi zinalandira uthenga wa imfa zatsopano, ndipo mbale zinapita kumeneko. Sindikuganiza kuti panali amene anachita dala. Aliyense ankaona kuti nthawi yake inali itadutsa.

Pa 19 Malichi Elna anabwera kudzagula masitampa. Munalibe munthu wina. Akutenga chenji ananena, osandiyang'ana, kuti: "Ukudziwa, Harlan, sikunabwere mbale ngakhale imodzi. Ndinakonza malo pa tebulo." Madzulo ndinalemba mawuwo m'buku langa monga anawanenera, ndipo alimo mpaka lero.

Kuyambira chaka chimenecho panalibe maliro m'tauni muno amene Mayi Roelofs sanali oyamba kufika. Sankayang'ana mpingo, sankayang'ana ngati womwalirayo anali munthu wokondedwa kapena chidakwa chimene abale anachitaya. Ankaphika chinthu chimodzi chokha: mbatata ya kachewere yodula mopyapyala, yophika mu uvuni ndi mkaka ndi nyama ya nkhumba, pamwamba atayalapo anyezi. Uvuni wawo unkatentha kwambiri mbali imodzi, choncho mbaleyo nthawi zonse inkapserera m'mphepete mwa mbali imeneyo. Anthu ankabweza mbale zawo mokondwa, chifukwa Elna ankadziwa kumvetsera. Amasiye ambiri ankakhala m'khitchini mwawo masana onse a Loweruka. Ndikayang'ana m'mabuku anga a zaka zimenezo ndimaona kuti kanyumba ka pa Msewu Wachitatu kanali ndi alendo ambiri kuposa nyumba ya abusa.

Tsopano ndifike pa Lachiwiri, 9 Malichi 1954. M'nyumba yoyang'anizana ndi sitolo ya nsalu munkakhala a Gerrit Boersma, bambo wamasiye wa zaka makumi asanu ndi atatu, amene anali atadwala chifuwa nyengo yonse yozizira. M'mawa wa tsikulo Elna anasuzumira pazenera n'kuona galimoto yaitali yakuda ya mwini sitolo ya mipando itaima pakhomo pa a Boersma, anthu awiri akulowetsa chinthu chachitali chokutidwa ndi nsalu. Mwini sitoloyo ndi amenenso ankakonza maliro, ndipo galimoto anali nayo imodzi. Elna anapempha kuti achoke msanga, anathamangira kunyumba, ndipo pofika masana anali pakhomo pa a Boersma mbale ili m'manja. Amene anatsegula chitseko anali a Boersma eni ake, atavala masokosi. Chimene chinalowa m'nyumbamo m'mawa chinali bedi latsopano.

A Boersma anandiuza nkhaniyi tsiku lotsatira atabwera kudzatenga makalata. Anati anayang'ana mbale, anayang'ana Elna, n'kunena kuti, "Mwafulumira, mayi. Komabe lowetsani, njala yokha ndiye ndili nayo." Anadya limodzi. Nkhalambayo inkaseka pondiuza mpaka kutsokomola, koma pomaliza inandigwira dzanja n'kundiuza kuti zimenezi zithere pa kauntala pompo, chifukwa mayiyo anachita manyazi kwambiri. Ndinalonjeza. Madzulo ndinazilemba m'buku, ndikudziuza kuti kulemba si kuulula. A Boersma anamwalira mu Novembala 1955, ndipo Elna anapitanso ndi mbale.

Lonjezolo ndinalisunga zaka zitatu ndi miyezi isanu. Mu Ogasiti 1957 Corwin anabwera ali wokhumudwa. Buku lake loyamba la nthano silinagulidwe, ndipo zonse zimene ndinamuwerengera za chaka chimenecho sizinamusunthe. Anati tauni yathu yayamba kukhala ndi makhalidwe abwino, ndipo zimenezi zimupha ndi njala. Tsiku lotsatira ndinabwera ndi buku la 1954. Ndinadziuza kuti a Boersma anapita, lonjezo linapita nawo.

Corwin anaseka mpaka anagwetsa buledi wake pansi. Anandiuza kuti ndiwerengenso, ndipo analemba pa envulopu, kuyambira tsiku mpaka kupserera kwa mbale. Akuseka chomwecho ine ndinakumbukira buku la 1945, limene linali pa shelefu kunyumba, mtunda wa mphindi zisanu. Ndinkadziwa bwino lomwe chimene chinkathamangitsa mayiyo ndi mbale. M'tauni yonse mwina ndine ndekha amene anandiuza ndi pakamwa pawo. Za buku limenelo sindinamuuze. Ndinali ndisanamusekitsepo Corwin chotero chiyambire, ndipo sindinafune kuti kusekako kuthe.

Nkhaniyo inatuluka mu Novembala 1958 ndi mutu wakuti "Mayi Wofika Imfa Isanafike." Magazini makumi asanu ndi limodzi ndi anayi ndinawaika ndekha m'mabokosi a anthu. Corwin anasintha dzina lokha: Elna anakhala Mayi Hoekstra. Ndiyenera kunena chilungamo, nkhaniyo inalembedwa mwaluso. Analemba kuti kwathu dokotala akalephera amaitana abusa, abusa akalephera amaitana Mayi Hoekstra, ndipo Mayi Hoekstra sanalepherepo. Analemba kuti odwala akamva fungo la anyezi mumsewu ankadzuka n'kuvala nsapato kuti aoneke amoyo. Dziko lonse linaseka. Mu 1961 anamukulitsa mayiyo kukhala mwini nkhani wa buku lake lachiwiri la nthano, "Chaka Chabwino cha Maliro," ndipo ndi buku limeneli limene linamupatsa nyumba ndi dzina.

Kuno kuseka kunali ndi munthu womuloza. Amuna okhala pa benchi la kutsogolo kwa malo ometera ankati Elna akamadutsa wina amakweza chipewa n'kunena kuti, "Tikadali moyo, mayi, musavutike." Sankanena mwankhanza, ndipo mwina Elna akanawakalipira zikanatha. Iwo ankangowonjezera liwiro. Pa maliro a pa 12 Febuluwale 1959, m'chipinda cha pansi pa tchalitchi mmene timadyera tikachoka kumanda, achibale ena ochokera ku Chicago ananyamula mbale zili ndi chakudya n'kumasuzumira kunsi kuti apeze ya mayi wa m'magazini. Ataipeza anaitanizana. Mkazi wa malemu anali atakhala pa tebulo lomwelo. Ine ndinali pamenepo, ndipo ndinaona Elna akuvula epuloni, akuipinda, n'kukwera masitepe.

Kuyambira tsiku limenelo sanaonekenso pa nyumba ya maliro mbale ili m'manja, ndipo sanalowenso m'khitchini ya tchalitchi. Komabe m'mawa wotsatira imfa iliyonse, ofedwa ankapeza pa sitepe ya khomo la kuseri mbale yovundikira, yokulungidwa m'nyuzipepala kuti isazizire, yopserera mbali imodzi. Kunsi kwake kunalibe tepi. Aliyense ankadziwa mwini wake. Koma mbale yopanda dzina ilibe kobwerera, ndipo kupita nayo ku Msewu Wachitatu kukanafuna kuti munthu awayang'ane Elna m'maso atawaseka. Anthu anapeza njira yapafupi: ankakaisiya pa shelefu ya zinthu zosowa eni ku tchalitchi. Mwezi wa Okutobala uliwonse amayi a mpingo ankagulitsa zinthu za pa shelefuyo, ndipo Elna ankabwera chitseko chikangotsegulidwa n'kugulanso mbale zawo zomwe. Ndinalemba zimenezi m'mabuku anga chaka ndi chaka, ngati mmene ndimalembera tsiku loyamba kugwa chipale chofewa.

Mkazi wanga Arlene anamwalira Lachinayi, pa 14 Okutobala 1976. Lachisanu m'mawa nditatsegula chitseko cha kuseri ndinapeza mbale yobiriwira ya dothi itakulungidwa m'nyuzipepala, ikadali yofunda. Mbale zonse zimene zinabwera sabata imeneyo zinali khumi ndi ziwiri. Khumi ndi imodzi ndinabweza pasanathe masiku khumi ndi anayi, ndipo ndinamwa khofi m'makhitchini khumi ndi limodzi. Yobiriwirayo ndinaitsuka n'kuiika pa tebulo pafupi ndi chitseko kuti ndipite nayo mawa. Ku tchalitchi sindinkafuna kukaitaya, chifukwa ndinkadziona kuti ndine wabwinopo kuposa ochita zimenezo. Ku Msewu Wachitatu sindinkatha kupita, chifukwa sindikanaipereka osanena chimene ndinachita. Ndinkaganizanso kuti mwina kusalemba dzinako kunali kundiuza ine kuti ndisafike. Inachoka pa tebulo kupita pamwamba pa kabati, ndipo inakhala pamenepo zaka khumi ndi miyezi khumi ndi umodzi. M'zaka zimenezo ndinawagulitsa Elna masitampa mwezi uliwonse.

Mu Ogasiti 1977 Corwin anaiona mbaleyo n'kufunsa. Ndinatsitsa buku la 1945 n'kumuonetsa tsamba la pa 19 Malichi. Anawerenga kawiri. Kenako anati ndikanamuuza kalelo akanalemba buku labwino kuposa lija, ndipo palibe akanaligula. Ataona kuti sindikuseka anatseka bukulo.

"Unandipatsa theka, Harlan. Theka linalo unkasungira ndani?"

Ndinati sanandifunse. Iye anati zoona, sanafunse, chifukwa munthu akapeza nthabwala yabwino safunsa kumene yachokera, amaopa kuti imuthawa. Analonjeza kuti awalembera kalata. Makalata onse olowa m'tauni muno ankadutsa m'manja mwanga mpaka mu 1984, ndipo yochokera kwa Corwin kupita ku Msewu Wachitatu sindinaione. Sindikumuweruza. Iye anali kutali mamailosi chikwi, ine ndinali misewu itatu.

Mu Januwale 1985 Elna anadwala matenda amene anawapha mwendo ndi dzanja lamanzere. Kanyumba kanagulitsidwa, ndipo anakakhala ku nyumba yosamalira okalamba kumapeto kwa tauni. Mbale za pa masitepe zinatha. Ndikukayikira ngati ndikanapitako pandekha. Chimene chinandikankha ndi bungwe lathu lomweli. Mu 1987 tinakonza zoti Loweruka, pa 10 Okutobala, tilemekeze Corwin pokwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu, iye ali pomwepo. Pa msonkhano wa Ogasiti wina anati zingakome alendo atadya mbatata ya Mayi Hoekstra, yophikidwa monga mwini wake ankaphikira, yopserera ndithu. Onse anaseka, anavomereza, ndipo anatuma mlembi kuti akafunse kaphikidwe kake. Ndinalemba chigamulocho ndi dzanja langa.

Ndinapita Lachinayi, pa 3 Seputembala, nthawi ya 2 koloko masana, mbale ili m'thumba la pepala. Ndinawapeza pa njinga ya olumala pafupi ndi zenera, akusokerera batani pa malaya a nkhalamba ina ndi dzanja limodzi, malayawo atawapana ndi bondo. Anandiyang'ana, anayang'ana thumbalo.

"Wafulumira, Harlan," anatero.

Ndinatulutsa mbale n'kuiika pamiyendo pawo. Anaisisita m'mphepete ndi chala, nati ankaifunafuna pa malonda a ku tchalitchi zaka zitatu, kenako anaganiza kuti ndinaiswa. Ine ndinali nditakonza mawu kunyumba, ndinawalemba ngakhale pa pepala, koma onse anabalalika. Ndinangoti nkhani ya a Boersma ndinamuuza Corwin ndine.

Sanadabwe. Anati Gerrit Boersma sankadziwa ngakhale tsiku limene anabadwa, ndipo m'magazini muja munalembedwa kuti linali Lachiwiri, pa 9 Malichi. M'tauni muno munali munthu mmodzi yekha wodziwa kuti zinthu zimachitika Lachiwiri. Anazindikira asanamalize tsamba loyamba.

"Ndiye mbale ija munabweretseranji kwa ine?"

"Arlene anamwalira. Ukanadya chiyani?"

Anafunsa ngati zimene anandiuza chaka cha kalata ya Dirk zinalowanso m'buku langa. Ndinavomera. Anafunsa chifukwa chimene sindinamupatsire mnyamata wa a Stallard zimenezonso, popeza ndinali wopatsa.

"Sizinali zoseketsa, mayi."

"Ayi. Sizinali."

Kenako anayamba kulankhula, ndipo analankhula zambiri kuposa zonse zimene ndinawamvapo m'zaka makumi anayi. Anati nkhani ija ndi buku lija anaziwerenga zonse, ndipo malo ena anaseka, makamaka paja pa odwala ovala nsapato. Amuna a pa benchi sanawapweteke kwenikweni, chifukwa ankawadziwa onse kukula kwa mimba zawo. Dzina analichotsa chifukwa cha mkazi wamasiye uja wa mu 1959: sanafune kuti wina atembenuzenso mbale n'kuseka pamaso pa munthu amene wangoika mwamuna wake m'manda. Ankaganiza kuti anthu azibwezabe, popeza aliyense ankaidziwa mbatata yawo. Loweruka loyamba anaphika khofi wambiri. Loweruka lotsatira chimodzimodzi. Anasiya patapita chaka.

"Kuseka kumatha, Harlan. Chimene ndinasowa ndi munthu wogogoda."

Ndinafunsa ngati panali amene anabweza. Anati m'zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anabweza anthu awiri, ndipo ine ndinali wachitatu.

Za kaphikidwe sindinafunse, ndipo ndinauza bungwe kuti sindidzafunsa. Nditaimirira kuti ndizipita anandituma kwa namwino kukapempha tepi ndi cholembera. Ndinagwira mbale chadodolido, iwo anamata tepi n'kulemba pang'onopang'ono kuti E. Roelofs. Kenako anaikankhira kwa ine. Anati kwawo kwa makolo awo mbale sinkabwezedwa yopanda kanthu, ndipo munthu amene waisunga zaka khumi ndi chimodzi sangabwere nayo ili mbee. Ndibwerenso Lachinayi muli chinthu. Mawu oti andikhululukira sanawanene, ndipo ine sindinawapemphe.

Ndinapita pa 10 Seputembala ndi mbatata imene ndinaphika ndekha. Analawa n'kunena kuti ngati kuphika kwanga n'kumeneku, Arlene anafa ndi zambiri mumtima. Anandiuza kuti ndidule mopyapyala ndipo ndisaope mchere. Anadya pang'ono, anandiuza kuti nditsuke mbale ndipite nayo. Ndinapitanso pa 17, pa 24, ndi pa 1 Okutobala. Tsiku lomalizali anati yayamba kufanana ndi chakudya. Tinkamwa khofi wa m'makapu a pepala, ndipo ankandifunsa za anthu amene anamwalira iwo atagona kale kumeneko, ndani anafika, ndani anabweretsa chiyani. Ndinkabwera ndi buku n'kuwawerengera. Aka kanali koyamba kuti mabuku anga agwire ntchito imene sindichita nayo manyazi. Elna anamwalira Lachiwiri, pa 6 Okutobala 1987, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi ziwiri.

Corwin anafika Lachinayi chifukwa cha mwambo wake wa Loweruka, ndipo ndinamuuza za imfayo pa siteshoni ya basi. Madzulo a tsikulo anagogoda kwanga atanyamula keke yogula m'sitolo, nandifunsa kuti apite nayo nyumba iti. Ine ndinali nditaphika kale mbatata m'mbale yobiriwira, ndipo funso lomwelo linali litandiimitsa m'khitchini kwa ola. Elna analibe mwana, analibe m'bale, kanyumba kaja munali anthu ena. Amayi a mpingo anakonza chakudya cha pambuyo pa maliro monga mwa nthawi zonse, koma khomo loti munthu akagogode ndi mbale panalibe. Kachiwirinso mwambo wathu unawalambalala. Tinakhala awiri pa tebulo langa n'kudya. Corwin anayamba kunena kuti mbatata yanga ikanadzutsa a Boersma, koma sanamalize. Lachisanu pa maliro a Elna anaima kumbuyo kwa tchalitchi chipewa chili m'manja. Loweruka analankhula kwa mphindi makumi anayi, anthu anaseka kwambiri, ndipo atapemphedwa kuti awerenge za Mayi Hoekstra anati waiwala magalasi. Magalasiwo anali m'thumba la malaya ake. Anakhala zaka zina zitatu ndi theka, analemba buku lina limodzi, ndipo za Elna sanalembe.

Pa msonkhano wa pa 1 Juni chaka chino bungwe linamva kuti mbale ija ili kwa ine, ndipo linapempha kuti ndiipereke ikakhale m'kabati ya galasi pafupi ndi makina olembera a Corwin, ndi kakhadi konena kuti ndi mbale ya Mayi Hoekstra. Ndinakana, ndipo kukanako ndinakulemba m'buku la misonkhano pamodzi ndi chifukwa chake. Mbaleyo ili ndi dzina kunsi, lolembedwa ndi mwini wake, ndipo si limenelo. Munthu wobwera kudzaona chipinda cha Corwin akafuna kudziwa za mayi wa m'buku, apatsidwe masamba ano, ndipo adziwe kuti theka limene Corwin sanalembe linali m'manja mwa Harlan Voskuil kuyambira pa 19 Malichi 1945.

Mbale ili pa tebulo pafupi ndi chitseko cha kuseri, pamene ndinaiika koyamba mu 1976. Tepi yayamba kufutuka mbali imodzi, ndipo ndaimatanso kawiri. Ndi yotsuka, ili ndi dzina, ndipo kokaibweza kulibe.